Kadontho ka Amagetsi

Kalabu ya makompyuta inkakumana Lachitatu lililonse m'kachipinda ka kuseri kwa laibulale, momwe munali mipando khumi ndi iwiri, malaputopu asanu ndi soketi imodzi yokha yogwira ntchito. Mamembala onse anali anthu opuma pa ntchito, a imvi zawo, omwe ana awo anatopa nawo kuwaphunzitsa foni. Khama anali nalo, koma foni ikangovuta pang'ono ankaipereka kwa Atcheya, mphunzitsi wakale, n'kuyang'ana kumbali ngati munthu amene akubayitsa jekiseni.

Alembi ndiwo ankatayipa kanyuzi ka kalabuyo mwezi ndi mwezi. Tsamba loyamba linali la nkhani: amene wagula laputopu, amene waiwalanso pasiwedi kachitatu, amene watumiza chithunzi cha phazi lake ku gulu la tchalitchi mosadziwa. Tsamba lachiwiri linali la amuna awo, omwe onse ankawatchula kuti Amagetsi chifukwa cha ntchito yawo yakale. Kwa miyezi inayi tsopano bamboyo ankachoka masiku atatu pa milungu itatu iliyonse, ati anapeza kaganyu koika mawaya pa sukulu ina yakutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Ankabwerako ali wefuwefu, osafuna ndi chakudya chomwe, koma m'thumba muli kapepala ka malangizo a mmene munthu angakhalire pa intaneti ali pa ulendo. Alembi ankanyadira malangizowo kwambiri, mpaka mutu wake ankaulemba m'zilembo zikuluzikulu.

Lachitatu limeneli Amagetsi anali atanyamuka mbandakucha. Atcheya anafika atanyamula pulojekita yobwereka, akuyenda monyang'wa. Anakumbutsa anthu kuti sabata yatha anatolera mafoni onse n'kutsegula pamene pamaonetsa malo omwe munthu ali pa mapu, kuti wa pa ulendo asamasowe. Foni ya Amagetsi anaitola pa tebulo eni ake ali chogwada pansi akukonza soketi ija, ndipo palibe anakumbukira kuwauza. Ndiye lero, anatero Atcheya, aliyense aone ndi maso ake mnzawo akuthamanga pa msewu.

Mapu anaonekera pa khoma. Timadontho tambiri tinaunjikana pa laibulale, anthu n'kuyamba kuseka, aliyense akufunafuna kake. Atcheya analondola msewu waukulu wotuluka mu mzinda, kupita nawo, kubwerera nawo, koma pa msewupo panalibe kanthu. Amene anakaona ndi Atelala, mayi wa maso ozolowera bowo la singano. Analoza ndi chala kuti kadontho ka Amagetsi kali mu mzinda momwemuno, ndipo sikakusuntha.

Azibambo anayamba kutsokomola chifuwa chabodza. Wina kumbuyo ananong'ona, mokweza ndithu, kuti mapanga awiri avumbwitsa. Alembi anamva nkhope ikutentha. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri za banja, adzukulu anayi, ndiye bambo ayambe zachibwana lero? Anachita manyazi, mkwiyo n'kubwera pambuyo pake.

Atcheya, munthu wosadziwa poimira, anati athetse mabodza. Anakulitsa mapuwo, n'kukulitsanso. Panaoneka madenga a chipatala chachikulu, kenako nyumba ina yapayokha kuseri kwake, ndipo pamwamba pa kadontho kaja panatuluka zilembo zoti aliyense awerenge ngakhale wopanda magalasi: nyumba ya odwala khansa.

Wa mapanga uja anazyolika. Atcheya anayamba kuchita chibwibwi kuti makinawa nthawi zina amanama, iwo omwe sabata yathayo analumbira kuti sanama. Pofuna kuzimitsa anadina polakwika, zilembo zija n'kukula kudzaza khoma lonse. Atelala ndiwo anadzuka n'kukazula chingwe ku soketi.

Alembi anachotsa maso pa khomapo. M'manja anali atagwira kanyuzi katsopano koti agawe tsikulo, ndipo maso awo anagwera pa tsamba lachiwiri. Khalani pa mpando wa kukhoma, masoketi amakhala kumeneko. Phunzirani kutayipa ndi dzanja limodzi. Waifai ya m'chipinda chodikirira imathamanga m'mawa anthu asanachuluke. Auzirenitu akunyumba kuti netiweki ivuta, kuti asade nkhawa mukapanda kuyankha. Mawu onsewa anawatayipa okha, ndi zala zawo zomwe, osadzifunsa kuti ndi basi iti imene munthu amakwera ndi dzanja limodzi. Anakumbukira mpala umene bambo anameta ati chifukwa cha kutentha, ndi kabowo katsopano kamene anaboola pa lamba ndi msomali. Zonsezo anaziona, koma sanaone kanthu.

Atelala anati awaperekeze, iwo anakana. Mu minibasi anakonza mawu ambiri, ena okalipa, ena olira, mpaka anatsala pang'ono kupitirira siteji.

Pa khomo la nyumbayo panali tebulo, namwino atakhala pamenepo ndi mulu wa mafayilo. Alembi anatchula dzina la amuna awo. Namwinoyo anapeza fayilo mosavuta, monga ya munthu wozolowereka, koma atafunsa ubale n'kumva yankho, anakweza maso.

"Mwati ndinu akazi awo, mayi?"

"Ndine amene."

"Pepani. Apa analembetsa kuti amakhala okha, alibe wowadikirira."

Izi zinawapweteka Alembi kuposa za pa khoma zija. Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma uyu anamva m'mimba n'kukhoma chitseko, mkazi wake ali panja. Namwino anawauza motsitsa mawu kuti aka n'kachisanu ndi chimodzi bamboyo kugonekedwa, kuti ndi wodwala wosavuta, ndiponso kuti anawakonzera ketulo ya mu ofesi. Kenako anawalozera njira.

Chipindacho chinali chachitali, mipando yotsamira itandandalikidwa mbali zonse, pa mpando uliwonse pali munthu ndi dilipi yake. Pafupifupi aliyense anali ndi wake pambali, wina akumupatsa madzi, wina akumufunditsa miyendo. Kumapeto, kukhoma, kunali Amagetsi okhaokha. Anavala malaya omwe Alembi anawasitira dzulo lake, ndipo m'malayamo ankaoneka ochepa ngati obwereka. Dzanja lamanzere linali ndi singano, lamanja likudina foni.

M'chikwama cha Alembi foni inalira. Anaitulutsa ali chiimire. Uthengawo unati: Tikuyenda bwino, mayi. Netiweki ikuvuta kuno.

Amagetsi anamva kulirako n'kutukula mutu. Foni inawapulumuka, n'kutsala ikulendewera pa chingwe cha tchaja. Alembi mawu onse a mu minibasi aja anawathawa. Anangoyenda mpaka pa mpandopo.

"Sukulu yake ndi imeneyi, bambo?"

Bamboyo anayang'ana pansi. Sanafunse n'komwe kuti awapeza bwanji. Anayamba kufotokoza modukizadukiza kuti poyamba ankaganiza kuti ndi kanthu kakang'ono, kuti ankaopa kuthamanga magazi kwa mayiwo, kuti bodza la ulendo umodzi linabala lachiwiri, mpaka anasowa poyambira.

"Ndimafuna ndidzakuuzeni nditachira," anatero.

"Ndiye mukuchira?"

Amagetsi anayang'ana botolo la dilipi nthawi yaitali, madzi akugwa dontho limodzilimodzi.

"Adokotala ati masana ano ndibwere ndi wachibale. Ati zimene akufuna kunena si zomva munthu mmodzi." Anatembenukira kwa akazi awo. "Chifikireni m'mawa ndakhala ndikuganiza kuti ndikabwereke ndani."

Alembi anafuna kukuwa, anafuna kuwamenya ndi chikwama chomwecho, anafuna kugwa pansi n'kulira. Mantha anawagwira thupi lonse. Pambali panali kampando kopanda munthu, komwe kanakhala kopanda munthu maulendo asanu apitawo. Anakakoka, nakhala, n'kugwira dzanja lopanda singano lija. Linali lozizira, lopepuka kuposa mmene ankalidziwira.

"Ati nthawi yanji?"

"Thu koloko."

Alembi anayang'ana wotchi ya pa khoma. Kunali kutatsala mphindi makumi awiri.