Mpweya wa Bambo

Chipinda chosungira matepi akale a wailesi chinali chopanda zenera, ndipo chinkanunkha viniga. Amene ankasamutsira mawu a matepiwo mu kompyuta anzake ankamutcha Makutu.

Tsiku lina kunabwera mayi wosoka zovala, ulusi utamamatira pasiketi. Bambo ake, mphunzitsi, anatengedwa ndi apolisi iye akadali m'mimba mwa amayi ake, ndipo sanabwererenso. Anali atamva kuti asanatengedwe anafunsidwapo mafunso pa wailesi.

"Ndingofuna ndimve mmene ankalankhulira," anatero. "Amayi amati mawu awo anali a besi. Azakhali amati ankalira ngati chitseko chopanda mafuta."

"Mlandu umenewo tiweruza lero," Makutu anaseka. "Tepi yawo ilipo, koma achemwali, inavunda. Ikazungulira kamodzi imasupuka. Kachiwiri kulibe."

Anayatsa kompyuta n'kuyendetsa tepi. Mtolankhani anafunsa funso. Panadutsa kanthawi, kenaka funso lina. Mayankho munalibe.

Makutu anasuzumira tepi ikudutsa. Inali zigamba zokhazokha.

"Anawadula ndi lezala," anatero. "Munthu akadana ndi boma ankamuchotsa n'kulumikiza zotsala. Mafunso okha ndiwo analibe mlandu."

"Takhalani chete," mayiyo anatero. "Icho n'chiyani?"

Funso lililonse likatha, pankamveka munthu akukoka mpweya kuti ayankhe. Odula matepi anaphunzitsidwa kusiyako mpweya, kuti polumikiza pasadziwike.

Mayiyo anagwiritsitsa tebulo. Mpweyawo unali wolemera, wa m'mphuno, ngati wa mwana wake woyamba akamafuna kukana kutumidwa. Anaumvetsera mpaka tepi inatha, n'kusiya fumbi lofiirira pamakina.

"Ndiikireni m'foni. Amayi ali chigonere. Akamva adziwa kuti ndi iwo."

Makutu anatsegula fayilo imene kompyuta inajambula. Lamulo la muofesimo linali loti mawu opita kwa anthu azikhala oyera, choncho kompyuta inkachotsa yokha phokoso lililonse pojambula pomwepo: chifuwa, kulira kwa mpando, kupuma. Fayilo yosayeretsa sankasunga. Bwana ankati imadya malo.

Mtolankhani uja anafunsanso mafunso ake, momveka bwino kuposa kale. Pakati pake panali zii.

"Achimwene, bambo anga ali kuti?"

Makutu anavula mahedifoni n'kuwaika pamwendo.

"Kompyuta yawatenga ngati phokoso."

Mayiyo anayang'ana foni yake kanthawi. Kenaka anayiperekabe kwa Makutu.

"Ikanimo mafunsowo. Amayi akayankha okha."