Tsiku Limene Anadzayeza Nyumba Yathu

Mantha anga anayambira pa nyumba ya mlonda, ya tsidya lina la msewu. Chaka chatha khonsolo inatumiza anthu kudzayeza nyumba za mbali imeneyo n'kuziikira mtengo watsopano, ndipo msonkho unakwera motsatira mtengowo. Mlondayo analephera kulipira. Kunabwera kalata yoyamba, yachiwiri, kenako pepala lomata pachitseko. Tsiku lina ndili pamakina anga osokera pakhonde, ndinaona mipando yake ili panja, mkazi wake atakhala pamatiresi manja ali kumutu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chaka chino inali nthawi ya mbali yathu.

Ine ndine telala. Ndimakhala ndi bambo anga, kalipentala amene anasiya ntchito msana utawakana, m'nyumba imene anamanga okha mayi akadali moyo. Kunja ndi nyumba wamba, pulasitala wake wong'aluka. Koma mkati, eee! Zitseko zisanu za mlombwa, siling'i ya matabwa opala bwino, makabati olowa m'khoma. Zonsezo anazipanga pang'onopang'ono kwa zaka makumi atatu, ndi matabwa otsala kuntchito. Ndalama tilibe, tili ndi matabwa basi. Ndipo nyumbayi ikapita, kolowera kulibe.

Mlungu woti oyeza nyumba abwere, msewu wonse unasauka tsiku limodzi. Mayi wa saluni anazula geti yake yachitsulo n'kukaibisa kwa mchemwali wake. Makanika anathira oyilo wakuda pakhonde lake la matailosi. Ine ndinapachika nsalu zakale pazitseko zonse, ndinamata makatoni pamakabati, chipinda chakumbuyo n'kuchidzaza zigamba ndi matayala akutha kuti chioneke ngati motayira zinyalala.

"Ababa," ndinatero, "anthuwo akabwera inu mukhale pampando apo. Akafunsa kanthu ndiyankha ndine. Mwamva?"

"Ndasanduka mwana ine?"

"Mwana amamva. Inu ndi amene ndikukuopani."

Anaseka, ine sindinaseke. Ndimawadziwa bambo anga. Ndi munthu woti akalowa m'nyumba ya eni n'kupeza tebulo logwedera, tiyi samwa mpaka ataligoneka chagada n'kulikonza.

Oyeza aja anafika Lachiwiri m'mawa, awiri: mwamuna wonenepa wonyamula tepi, ndi mayi wa magalasi wolemba pafomu. Anaoneka otopa, ndipo ndinathokoza Mulungu, chifukwa munthu wotopa sasuzumira kuseri kwa nsalu. Wa tepiyo anaikoka m'mbali mwa khoma, osafika nayo pakona chifukwa panali mgolo wa madzi, n'kufuula:

"Mamita asanu ndi atatu!"

Khoma limenelo ndi la mamita khumi. Ndinaluma mlomo kuti chimwemwe chisaonekere.

"Zitseko?" anafunsa mayi wa magalasi atalowa m'nyumba, osadzutsa n'komwe mutu.

Wa tepi anagogoda chitseko chakutsogolo pamwamba pa nsalu. "Paini wamba. Zotchipa izi."

Mpando unalira kumbuyo kwanga. Bambo anali ataimirira.

"Mwati chiyani, achimwene?"

"Ababa, khalani pansi."

"Paini? Ameneyu paini?" Anakoka nsalu ija n'kuigwetsa pansi, chitseko chinawala ngati achipaka mafuta dzulo. "Tagogodaninso. Mukumva kulira kwake? Uwu ndi mlombwa, ndinaupala ndi manja angawa. Ndipo khoma lija mwalibera mamita awiri. Tepi sitikoka choncho. Bweretsani kuno ndikuonetseni."

Mayo ine! Ndinawaponda phazi, ndinatsokomola, ndinafika ponena kuti madalawa akalamba, sadziwa zimene akuyankhula. Apo ndiye ndinasonkhezera moto. Anawatenga alendowo chipinda ndi chipinda. Anang'amba makatoni anga, anawalozera siling'i, anakankha matayala kuti aone kabati ya m'chipinda chakumbuyo, n'kutsegula madirowa kuti amve mmene amayendera opanda phokoso. Nkhope yawo inawala. Zaka zonsezi panalibe amene anawafunsapo za ntchito yawo, ndiye lero anapeza omvera.

"Koma madala, muli ndi dzanja!" ankangotero wa tepi.

Mayi wa magalasi anapinda fomu yoyamba ija n'kutenga ina. Potuluka anandiyang'ana kamodzi, ndipo m'maso mwake ndinaonamo chisoni. Chisoni chimenecho chinandiopsa kuposa tepi. Fomuyo bambo anali ataisaina okha, mosamala, chilembo ndi chilembo.

Atangopita ndinakalipa. Sindibisa, ndinawakalipira bambo anga ondibereka mpaka mayi wa saluni anasuzumira pampanda.

"Mwatigulitsa! Mwatigulitsa chifukwa cha thabwa!"

"Muyeso wabodza ndi wabodza, mwanangu. Ine chibadwire sindinanamepo pa tepi."

"Nanga tepiyo idzatifunditsa tikadzagona panja?"

Anatola nsalu ija n'kuyamba kupukuta nayo chitseko.

Miyezi iwiri ndinakhala ngati wodwala. Galimoto ikaima pamsewu, phazi langa linkaimanso pamakina. Kolala ya malaya a mphunzitsi wina ndinaisoka chozondoka kawiri, ine amene ndimasoka kolala ndikucheza. Munthu aliyense wonyamula chikwama cha mapepala ndinkamutsatira ndi maso mpaka akhote. Kalata itabwera ndinaiwerenga choimirira. Msonkho wathu unakwera kanayi. Wa makanika, mwini matailosi uja, unangokwera pang'ono.

Tinapita ku ofesi ya khonsolo kukadandaula. Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka masana, pakati pa anthu ena ogwira makalata ngati yathu. Kalaliki atatiitana anatulutsa fomu ija n'kuloza m'munsi.

"Apa alemba kuti mwini nyumba watsimikiza miyeso yonse. Anasaina apa ndinu, bambo?"

"Ndine."

"Ndiye palibe cholakwika choti tikonze. Mtengowu ukhala chomwechi mpaka tidzayezenso pakatha zaka zisanu."

"Nanga zitsekozo zikachoka?" anafunsa bambo, mawu ali pansipansi.

"Zichoke, zisachoke, pepala ndi lomweli. Mukalephera kulipira, mukudziwa kale zimene zimachitika. Wotsatira!"

Pobwerera, titafika pa nyumba ya mlonda, imene tsopano ili ndi mpanda wautali ndi galu wa eni atsopano, bambo anaima n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Mkwiyo wanga unathera pomwepo, panangotsala mantha okhaokha. Bola akanandikalipira kusiyana ndi kukhala chete kumeneko.

M'mawa mwake ndinadzutsidwa ndi kulira kwa nyundo. Ndinawapeza akuzula chitseko chakutsogolo, chija mayi ankachipukuta Loweruka lililonse. Wogulitsa mipando wa kumsika anali ataima panja ndi ngolo yake. Anachisisita, anachigogoda, anayesa kuchipezera chilema koma sanachipeze. Ndalama imene anapereka inangokwana msonkho wa chaka chino, osatsalako ngakhale ya sopo. Ndinawerenga chamumtima: zitseko zisanu, zaka zisanu. Ukadzakweranso, ndiye kuti makabati ndi siling'i zidzatsatira.

M'malo mwake bambo anakhoma chitseko cha matabwa a paini ochotsa kumabokosi. Atachipachika, m'munsi munatsala mpata woti dzanja langa n'kulowa lonse.

"Ababa, chafupika. Ndikatenge tepi?"

Anachiyang'ana, munthu amene sanalolepo ngakhale mpata wolowa chikhadabo.

"Chisiye choncho," anatero, n'kukakhala pampando uja ndinawauza kuti akhalepo tsiku loyeza.

Kuyambira tsiku limenelo tepi sanaigwirenso. Ine makina ndinawalowetsa m'nyumba, sindifunanso kuona msewu. Koma ndikamasoka maso sakhala pansalu, amakhala m'munsi mwa chitseko, chifukwa wobweretsa makalata a khonsolo sagogodanso masiku ano. Amangolowetsa kalata pampata uja.