Buku Lopanda Teleza

Stafford ankayeza masamba a tiyi pa esiteti ina pafupi ndi Luchenza. Tsiku lonse ankaima pa sikelo, othyola tiyi akumubweretsera madengu, iye n'kumalemba kulemera kwake. Sukulu analekezera Sitandade 6, ndipo chilichonse cholembedwa chomwe chagwa m'manja mwake ankachiwerenga mpaka pansi.

Bambo ake, a Fabiano, anachokera kudziko la Apwitikizi adakali mnyamata, pothawa ntchito yokakamiza. Za ulendo umenewo sankakamba. Koma chaka cha 1953, atadwala chifuwa n'kupulumukira mkamwa mwa mbuzi, anayamba kumasuka. Lamlungu lililonse akaweruka ku tchalitchi, ankakhala pakhonde n'kumafotokoza, pena m'Chinyanja, pena m'Chilomwe, Stafford akulemba.

Lamlungu lina anafika pa nkhani imene ngakhale malemu akazi awo sanaimvepo. Pothawa paja anabereka kumsana mlongo wawo wamng'ono, Teleza. Mwanayo anatentha thupi m'njira, namwalira atatsala pang'ono kuwoloka mtsinje wa Ruo. A Fabiano anakumba okha ndi mtengo wosongola, n'kumukwirira, n'kupitiriza ulendo chifukwa asilikali anali m'mbuyo. Atatha kufotokoza anauza mwana wawo kuti zina zonse akhoza kusiya, koma dzina la mwanayo lilembedwe, popeza manda ake palibe akuwadziwa.

Stafford anayamba wapita ndi zolemba zake ku mishoni ina kumene kunali makina osindikizira. Anamulandira bwino, namupatsa tiyi, koma anamuuza kuti iwo amasindikiza mabuku a mapemphero ndi a sukulu okha. Mnzake wina anamulozera kwa munthu wina ku Limbe, yemwe anali ndi makina ake kuseri kwa sitolo ya nsalu. Munthuyo anavomera msanga, bola Stafford alipire yekha. Mbuzi zinapita, njinga inapitanso. Mkazi wake, Alesi, sanakane, anangofunsa kuti ku ntchito azipita bwanji m'dzinja. Iye anati miyendo ilipo.

Kuyambira pamenepo sitima ya ku Limbe inamuzolowera. Ulendo woyamba anamuuza kuti mapepala sanafike kuchokera ku Beira. Ulendo wina anapeza makina atafa. Atakonzedwa, panali malisiti a masitolo ndi makadi a ukwati oyenera kutsogola. Anapempha kuti aone masamba asanasindikizidwe onse, mwini makinayo anaseka, nati imeneyo ndi ntchito yake, wolemba watha mbali yake. Ku esiteti kapitawo anayamba kudandaula za kupemphapempha masiku. A Fabiano sankafunsa ndi pakamwa, koma Stafford akamatulukira kuchokera ku siteshoni, maso awo ankayamba ayang'ana m'manja mwake.

Dzinja linadutsa, chilimwe chinalowa, ndiye mabuku anatuluka. Anawanyamula pamutu m'bokosi kuchokera ku siteshoni. Anali timabuku topyapyala ta chikuto chobiriwira, tonunkhira inki, dzina lake lili pamwamba. M'sitima anangoyang'ana chikuto ndi tsamba loyamba, n'kutseka. Ankafuna kuliwerenga koyamba pamaso pa bambo ake.

Lamlungu masana anthu a pa malaini a nyumba za antchito anadzaza bwalo. Alesi anaphika thobwa. A Fabiano anavala jekete lawo la ku tchalitchi ngakhale kunkatentha. Stafford anayamba kuwerenga. Mawu a Chilomwe ambiri anali atasokonezedwa, moti anthu ankaseka, iye n'kumakonza ndi pakamwa. Anawerenga za mudzi wakale, za asilikali, za kuthawa. Atatembenuza tsamba anapeza bambo ake ali kale tsidya lino la Ruo, akufunsira ntchito kwa kapitawo. Anabwerera m'mbuyo, poganiza kuti masamba amatirirana. Anatenga buku lina m'bokosi, kenako linanso. Onse anali chimodzimodzi.

"Wamudumpha Teleza," anatero a Fabiano.

"Ababa, dikirani pang'ono, mwina ali kutsogoloku."

Anasanthula mpaka kumapeto. Dzinalo munalibe. A Fabiano anadzuka pang'onopang'ono, navula jekete lija, nalowa m'nyumba. Anthu anabalalika mmodzimmodzi, thobwa lisanathe.

M'mawa mwake Stafford sanapite ku sikelo, anakwera sitima. Mwini makina sanaone chachilendo. Anafotokoza kuti mapepala aakulu amapindidwa mwa dongosolo lake, ndipo nkhaniyo inasefukira, choncho anayenera kuchotsa pena. Anasankha pa maliro a mwana chifukwa sipankasintha ulendo, ndiponso anthu sakonda kugula zachisoni. Zilembo zachitsulo anali ataziphwasula kale kuti agwiritse ntchito zina. Stafford anapempha kuti amubwezere masamba ake olemba pamanja. Anafufuza m'mashelefu onse ndi pansi pa makina, koma sanapezeke. Munthuyo anati ngati akufuna kusindikiza kachiwiri, angoyambanso monga poyamba.

Pobwerera anaganiza zoti alembenso mutuwo pamanja, aziulowetsa m'buku lililonse. Anayesa payekha, koma anapeza kuti zambiri zamuthawa. Sankakumbukira dzina la phiri lomwe a Fabiano anagonapo pothawa, kapena kanyimbo ka Chilomwe komwe bambo ake ankamuimbira mwanayo kumsana. Zonse anali atazisiyira pepala. Lamlungu lotsatira anakhala pansi pafupi ndi bambo ake, cholembera m'manja, nawapempha kuti afotokozenso.

A Fabiano anapukusa mutu. "Ndinamukwirira ndi manja, ndinamukwiriranso ndi pakamwa pamene ndinkakuuza. Kachitatu ayi, mwanawe. Msiye agone."

Sanamukalipire ndipo sanatchulenso za bukulo. Ankadya naye limodzi, ankaseka ndi adzukulu, koma pakhonde paja Lamlungu sankakhalaponso. Mvula itayamba chifuwa chija chinabweranso, ndipo ulendo uno sichinawasiye amoyo.

Mabuku ochepa anagulidwa ndi aphunzitsi ndi makalaliki anzake. Wasitolo wina ku Luchenza anavomera kuika ena pashelefu, koma anawabweza atachita fumbi, nati anthu amabwera kudzagula mchere ndi palafini. Anthu omwe nkhaniyo inali yawo, othyola tiyi aja, ambiri sankatha kuwerenga, ndipo Stafford analibenso mtima wowawerengera. Bokosi linakhala pakona mpaka chinyezi ndi chiswe zinalowamo. Alesi anapulumutsako angapo n'kuwaika m'sutikesi ya zovala, osamuuza mwamuna wake.

Stafford anapitiriza kuyeza tiyi mpaka tsitsi linayera. Patapita zaka, mphunzitsi wina wachinyamata wa ku Boma anamva kuti pa esitetiyo pali munthu amene analembapo buku la Alomwe, ndipo anapalasa njinga kudzamufuna. Anamupeza pa sikelo, mzere wa madengu uli patsogolo pake. Stafford anamumvetsera mwaulemu, namuuza kuti n'zoona analiyamba, koma silinathe. Kenako anakodola mayi wotsatira kuti akweze dengu lake.