Umboni Wachisanu ndi Chinayi

Kwa zaka makumi awiri ntchito yawo pa laibulale ya yunivesite inali imodzi. Wophunzira akamaliza kafukufuku, iwo ankatsegula masamba akumapeto, pamene pamakhala mndandanda wa zolemba zimene wophunzirayo akuti wawerenga, n'kumazifufuza chimodzichimodzi. Chikapezeka ankachiwerenga chonse, kenako n'kuchonga ndi pensulo. Anzawo ankawatcha a Chonga.

Lachitatu m'mawa mwana wawo wamkazi anawapatsa kapepala konyezimira. Mwana wake wa zaka zisanu, amene madokotala anati ali ndi vuto la ubongo lotchedwa otizimu, sankalankhula, ndipo chipatala china chatsopano chinkalonjeza m'kapepalamo diripi yotsuka magazi.

"Ababa, musayambe zanu zija," anatero akumanga nsapato za mwanayo. "Onani kumbuyoko, maumboni khumi ndi awiri. Tikuyamba lero thuu koloko."

Anatenga kapepalako. Atafika kuntchito anakankhira pambali mabuku a ophunzira, n'kuyala kapepalako patebulo.

Umboni woyamba ndi wachiwiri unalipo, koma unkangofotokoza kuti otizimu n'chiyani. Wachitatu unali wa makoswe. Wachisanu sunapezeke: magazini yake inalipodi, koma patsamba lotchulidwalo panali nkhani ya mano.

"A Chonga, tiyi wanu wazizira," anatero mayi wa pakauntala. "Mukumupha ndani lero, mpaka thukuta chonchi?"

"Ndi za mdzukulu wanga."

Mayiyo anasiya kuseka.

Wachisanu ndi chinayi ndi umene unali ndi mutu wabwino. Unkatchula mankhwala omwewo a m'diripi ija ndi ana a otizimu. Koma pakompyuta pankaoneka mutu wokha, ndipo anachita kupempha nkhani yonse ku laibulale ina. Inafika wani koloko itadutsa kale.

Anawerenga ataimirira pamakina osindikizira, mapepala akutuluka ofunda. Patsamba lachinayi panalembedwa kuti kafukufukuyo anamuimitsa sabata yachitatu. Ana atatu impso zawo zinasiya kugwira ntchito. Mmodzi sanabwerere kwawo. Amene analemba kapepala konyezimira kaja anangowerenga mutu.

Anaimbira foni mwana wawo. Inali yozimitsa, monga mwa masiku onse mwana wawoyo akatuluka ndi mwana, poti kulira kwa foni kunkamuzunguza kamnyamatako. Anaimbanso kanayi ali m'takisi, mapepala atawapana pachifuwa. Pamphambano maloboti anali ofiira.

Kuchipatalako amayi asanu anali pabenchi ndi ana awo. Anawadutsa, n'kutsegula chitseko osagogoda.

Mdzukulu wawo anali pabedi, akung'ung'udza nyimbo yake ya mawu amodzi. Namwino anali atamumanga kale lamba pamkono, akufufuza mtsempha ndi chala. Thumba la diripi linkalendewera pachitsulo.

"Dikirani kaye, mayi," anatero a Chonga kwa namwinoyo.

"Ababa! Mwabwera kudzandichititsa manyazi?"

"Werenga apa. Pamene ndadula mzerepo."

"Inu chilichonse chimakhala ndi vuto. Ngakhale kalata ya ukwati wanga munaipezera cholakwa."

"Werenga, mwanawe."

Anawalanda pepalalo. Milomo yake inkayenda pang'onopang'ono. Atafika pamzere uja anabwereranso pamwamba.

"Amake mwana, tiyambe?" anafunsa namwino, singano ili m'manja. "Kunjaku kuli anthu."

Mayiyo anawerama n'kumasula lamba uja yekha. Pamkono pa mwanayo panatsala mzere wofiira, ndipo anausisita ndi chala chachikulu kwa nthawi yaitali.

Ali panja, mwana ali kumsana ngakhale anali wolemera, mayiyo anatembenuka maso ali ofiira.

"Chabwino, mwapambana. Ndiye mawa ndimutengere kuti?"

"Sindikudziwa," anatero a Chonga.

Kenako mayiyo anawalanda mapepala otsalawo, n'kubwerera mkati, kwa amayi a pabenchi aja.