Bondo la a Kuwabara ndi Sitima ya ku Mwezi

Mumsewu mwathu muno ku Amagasaki tili ndi lamulo lomwe palibe analilemba, koma ngakhale mphaka wa kogulitsira nsomba amalidziwa. Nyimbo yatsopano yovinira pa chikondwerero cha Oboni imayamba yayesedwa ndi munthu wamkulu kuposa onse. Akaivina kuzungulira nsanja ya ng'oma kamodzi osaima, nyimboyo yalowa. Akaima panjira, mwini wake akaiimbire kubafa kwawo. Chaka chino wamkulu anali a Kuwabara, a zaka 86, oyendetsa basi opuma ntchito, omwe bondo lawo limalira ngati chitseko chakale.

Ine ndine Tokuji, wometa tsitsi, ndipo ndaimba ng'oma pansanjayo zaka makumi atatu. Nyimbo yoyesedwayo inali ya Suzuha, mwana wa mchemwali wanga. Mtsikanayu anatha zaka zisanu ndi chimodzi ku Tokyo akuimba hipihopu yosakaniza ndi popu, koma kwathu kuno palibe anali atamumvapo ndi kamodzi komwe. Zimenezi zinkamudya mumtima. Anandiuza m'maso muli gwa kuti akamukana, kuno sadzaimbanso mpaka kalekale.

Tinakumana masana poimika magalimoto kuseri kwa bafa ya anthu onse. Kunali kutentha koopsa, nyenje zikulira ngati zalipidwa. Suzuha anafika atavala jekete yonyezimira ngati pepala lowotchera nsomba, tsitsi lobiriwira mbali imodzi.

"Iwe, anakumeta ndani?" ndinamufunsa. "Unditchulire dzina, ndikamulande lumo."

"Amalume, inu ingoimbani ng'oma. Za tsitsi zinakupitirirani kalekale."

Mayi Iwabuchi, apampando a komiti ya chikondwererocho, anakweza chokupizira mphepo, ndipo Suzuha anayatsa masipika ake. Abale inu! Kunayamba kulira ngati makina ochapira zovala akutsanzikana ndi eni ake. Kenako kunabwera tizitsulo tothamanga, tsitsitsitsi, osapuma. Pamwamba pake Suzuha ankalavula mawu mothamanga za chaka cha 2200: sitima yomaliza yopita ku mwezi, makina ogulitsa zakumwa okupatsa moni potchula dzina lako, mvula yogwa pa nthawi yolembedwa pa ndandanda. Pofika pakati mawu ake anafewa, n'kuimba mokoma mpaka ine tsitsi linandinyerenyetsa. Koma kukoma ndi kuvinika ndi zinthu ziwiri.

Amayi a m'gulu lovina anayesa kutsatira tizitsulo tija. Nsapato zamatabwa zinagundana, wina anaponda mnzake, chokupizira cha mayi Iwabuchi chinauluka n'kukagwera m'chidebe cha tiyi wozizira. Inenso ndinathamangitsa ndodo za ng'oma mpaka mapewa anachita dzanzi, ndipo ndinasiya.

"Imeneyi ndi nyimbo yovina kapena yothawira moto?" anafunsa mayi Iwabuchi akupuma wefuwefu. "Tikawalowetsa a Kuwabara m'menemu tikawatengera kuchipatala."

Suzuha anawerama. Ndinamumvera chisoni kwambiri.

"Mukunena ine?" anakuwa a Kuwabara akudzuka pampando. "Iyatseni! Ndinayendetsa basi zaka makumi anayi, sindinasiyepo ulendo panjira."

Mkuluyu ali ndi kachipangizo kothandiza kumva, koma pakakhala amayi sakavala, ati kamawakalambitsa. Tsiku limenelo anali atakasiya kunyumba. Ndiye nyimbo itayambanso, tizitsulo tonse tija sitinawafike m'makutu. Chomwe anamva ndi kugunda kwapansi kokha, kuja kumalowera pachifuwa: duu... duu... pang'onopang'ono ngati mtima wa munthu wogona. Anaponda kumanja. Anaponda kumanzere. Anakweza manja ngati akukankha mtambo, n'kuomba m'manja kamodzi, pha, pamalo pake penipeni.

"Eyaa!" anafuula Suzuha akudumpha. "Ndi momwemo! Ku Tokyo timaivina choncho! Agogo, anakuphunzitsani ndani?"

"Wati chiyani?"

"Ndati mukuitha!"

"Ndikudziwa!"

Ndinadzimenya pachipumi. Zaka zonsezi ndili pang'oma, ndinali kuthamangitsa nthenga n'kusiya nkhuku. Ndinagwira ndodo n'kutsatira kugunda kwapansi kuja, ndipo ng'oma yathu yakale inalowa m'nyimbomo ngati inabadwiramo. Amayi aja anafola pambuyo pa a Kuwabara. Wogulitsa nsomba analowa ndi epuloni yake. Ana a sukulu omwe ankadutsa panjinga anaima, n'kuyamba kujambula ndi mafoni, kenako nawonso analowa m'bwalo. Mchemwali wanga, yemwe anabwera kudzangoonerera patali, ndinamuona ali pakati pa mzere, akuseka misozi ili mbwembwembwe.

A Kuwabara anamaliza kuzungulira, bondo likulira, koma osaima. Anapitiriza ulendo wachiwiri mpaka tinachita kuwagwira.

Phokoso litachepa, mayi Iwabuchi anapukuta thukuta n'kukonza nkhope. "Yavinika, sindikana," anatero. "Koma Oboni ndi nthawi yolandira mizimu ya makolo athu ikamabwera kudzationa. Tiwalandire ndi nyimbo ya chaka cha 2200? Adziwa bwanji kuti afika kwawo?"

Funsolo linali lomveka. Wina anawabwerezera a Kuwabara mokuwa m'khutu.

"Mayi Iwabuchi, inu mwakalamba msanga bwanji?" anatero mkuluyo akukhala pansi. "M'chaka cha 2200 mizimu yobwera kudzavina pano idzakhala ndani? Si ine, inu ndi wometa tsitsiyu? Ine sindifuna kudzaima pambali ngati mlendo, zidzukulu zikuvina. Ndiiphunziriretu bondo likadalipo."

Mayi Iwabuchi anayesa kudzigwira, koma kuseka kunawaphulika. Anavuula chokupizira chawo m'tiyi muja, n'kuchikutumula, n'kuloza nacho Suzuha.

"Iwe wa tsitsi la masamba, usangoima pamenepo n'kumalira. Ibwereze kuyambira poyamba. Pa sitima ya ku mwezi paja phazi langa likuchedwa."