Ndamva Si Ndalola

Mwana anali atamugoneka kale chammbali, msana ataupaka mankhwala, pamene dokotala wa ana ankalowa m'chipindamo. Wophunzira wake, yemwe anzake ankamutcha Wamagalasi, anali atagwira singano.

"Takonzeka, adokotala," anatero. "Khosi lauma gwa, thupi ndi moto. Timangodikira inu kuti titenge madzi a pamsana."

Dokotala anacheukira pakhomo. Mayi wa mwanayo anali ataima pamenepo atakumbatira tinsapato, maso ali pansi.

"Alola?"

"Alola. Ndawafotokozera zonse."

"Anati chiyani? Ndikufuna mawu awo enieni."

"Anati, 'Ndamva.'"

"Ika singanoyo pansi."

"Koma adokotala, nthawi..."

"Nthawi ndikuidziwa kuposa iwe. Amayi ako akamakukalipira iwe n'kunena kuti 'ndamva', umakhala utagwirizana nawo? Safunsa adadya phula."

Namwino amene anali pambali pa bedi anatsokomola pobisa kuseka. Dokotala sanaseke. Matenda oumitsa khosi sadikira munthu, ndipo popanda madziwo akanangopereka mankhwala mongoganizira. Komabe anakoka mpando, nakhazika mayiyo, iye n'kunjuta patsogolo pake.

"Mayi, sindikufunsa ngati mwamva. Ndikufunsa ngati mwalola."

Mwana anabuula, miyendo ikugwedezeka.

"Mkulu wake munamubayanso pamsana," anatero mayiyo. "Kutacha, anatisiya. Apongozi mpaka lero amati ndinamupereka ndekha."

"Pepani. Anabwera atadwala nthawi yaitali?"

"Anali atasiya kale kuyamwa."

"Ndiye ndikuuzeni zoona. Singanoyi sichiza, imangotiuza chimene tikulimbana nacho. Sindingalumbire kuti uyu achira. Mukakana, sitimubaya, ndipo timuthandizabe ndi mphamvu zathu zonse. Koma tidzakhala ngati osaka mumdima."

"Akanakhala wanu?"

"Ndikanalola. Koma si wanga."

Mayiyo anayang'ana mwana wake, kenako Wamagalasi, amene thukuta linali litayamba kumutsika m'masaya.

"Tsiku lijalo ananditulutsa panja," anatero. "Ndinkangomva kulira kuseri kwa chitseko. Lero sindituluka. Ndimugwira ndekha. Ndipo mubaye inuyo amayi adokotala, osati achimwenewa. Manja awo akuvina."

Wamagalasi anatsegula pakamwa. Akanabaya tsikulo kukanakhala kuyamba kwake, ndipo dokotala anali atamulonjeza yekha.

"Mwana ndi wawo," dokotala anamudula. "Ima apa, uunikire bwino. Maso nawonso amaphunzira."

Anasamba m'manja, navala magolovesi. Mayiyo anaponya tinsapato pansi, napinda mwana wake mmene namwino anamusonyezera, mutu ku mawondo, pakamwa pake pali pakhutu la mwanayo.

Singano inalowa. Dontho loyamba linagwera m'kabotolo, lotuwa ngati madzi otsukira mpunga.

"Ndi matenda omwewo," anatero dokotala. "Anamwino, mankhwala. Thamangani."