Dzanja la Manthos

Nyulu zolimira zochokera ku Amereka zinafika m'mudzi mwathu, kuno ku Girisi, mu 1948, mvula yoyamba itagwa kale. Tinasonkhana pabwalo la tchalitchi, ine n'kundiika kutsogolo kuti ndizimasulira, poti ndili mnyamata ndinatsukako mbale ku Chicago.

Wogawa nyuluzo anali Manthos, wapolisi. Manthos yemwe uja amene nthawi ya nkhondo analoza chala mng'ono wanga Argyris pabwalo lomwelo, Ajeremani n'kukamuwombera kuseri kwa sukulu. Chimene chinasintha pa iye ndi chipewa chokha.

Ndinakokera pambali mkulu wa Aamereka, munthu wofatsa wa maso ofiira ndi tulo, n'kumufotokozera zonse. Sanadabwe. Anati akudziwa ndipo nayenso zimamunyansa, koma Angerezi, amene anabwera Ajeremani atachoka, nawonso pochoka anamusiya Manthos pampando, iwo anangomupeza. Komanso palibe wodziwa zigawenga zimene zikumenyana ndi boma kuphiri kuposa iyeyo, ndipo adani tsopano ndi zigawengazo. Ndinabwerera pamalo panga kutsogolo.

Lambrini, mkazi wa malemu Argyris, anali ndi ana anayi ndi munda wosalima. Ng'ombe yake asilikali anadya. Popanda nyulu, tirigu sakanadzala. Koma Aamereka anabwera ndi wojambula, ndipo aliyense wolandira ankayenera kugwirana chanza ndi wapolisi, zithunzi zipite kwawo anthu akaone kuti ku Girisi kuli mtendere. Chiphedwere mwamuna wake, Lambrini sankadutsa n'komwe njira ya kwa Manthos.

"Alamu, musadzikakamize," ndinamunong'oneza. "Tilima ndi makasu."

"Ndi msana wanuwo? Inu amene kudzuka pampando mpaka ndodo?"

Anapita. Manthos anatambasula dzanja akumwetulira, n'kumutchula kuti mayi, mwaulemu ngati tili m'mapemphero. Lambrini analigwira. Ine ndi manyazi ndinangoyang'ana pansi.

Wojambula anapukusa mutu n'kunena kanthu. Anthu onse anatembenukira kwa ine.

"Akuti chiyani, alamu?" anafunsa Lambrini, chingwe cha nyulu chili kale kudzanja linalo.

"Akuti munatsinzina. Mubwereze."

Lambrini anapukutira dzanja pa diresi lake lakuda, pang'onopang'ono, kenako n'kulitambasulanso.

"Auzeni afulumire," anatero. "Ndikufuna ndikayambeko mzere umodzi kusanade."